Mwavi, Galasi ndi Munthu Wosadzidziwa

Mtengo wa mwavi suoneka woopsa. Umakonda m'mbali mwa mitsinje ndi m'nkhalango zowirira, ndi wautali, wamasamba obiriwira bwino, ndipo mlendo akhoza kupumula pamthunzi pake osaganizira kanthu. Ukausenda khungwa, m'kati mwake ndi mofiirira. Khungwa limenelo ndilo linali woweruza wotsiriza m'dziko lino, kwa Undi, kwa Mkanda ndi kwa mafumu ena a Achewa, Angoni a Mpezeni asanafike, Boma la Fort Jameson lisanamangidwe. Mlandu wa mbuzi yodya chimanga cha mwini unkathera pabwalo, pamaso pa nyakwawa ndi mboni. Mwavi unkadikira milandu yopanda mboni: chigololo chokanidwa, kuba kwa usiku, makamaka ufiti. Mpwitikizi Antonio Gamitto, amene ananyamuka ku Tete mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe nadutsa m'maiko a Amaravi ndi Achewa, anaupeza mwambowu uli kale ndi mizu, naulemba m'buku lake lomwe linatuluka mu 1854.

Ine ndinakalambira pa ntchito ya ukalaliki m'khoti laling'ono kuno kum'mawa. Ntchito yanga inali kulemba zimene anthu akunena, ndipo zambiri mwa izo zinali za mumtima: sindinafune kumupweteka, ndinkangomuopseza, ndinalibe naye chifukwa. Tinkalemba, woweruza n'kuyesa ngati munthuyo akunama kapena ayi. Panali njira ziwiri zokha, kunama ndi kunena zoona. Makolo athu ankaona njira yachitatu, yoti munthu atha kulumbira ndi mtima wonse, osanama ngakhale pang'ono, koma zonena zakezo n'kukhala zabodza chifukwa iye mwini sakudziwa zimene zili mwa iye.

Ambuya anga, amayi awo a amayi, sanauone mwavi ndi maso awo, koma amayi awo anamwapo ali mtsikana wa mwana mmodzi, ndipo nkhaniyo ambuya ankaisimba ngati analipo. Mwana wa mkulu wawo anamwalira mwadzidzidzi, kum'mawa akusewera, madzulo wapita. Ula unagwera akazi a mbumba yomweyo. Anakaitana mapondera, womwetsa mwavi, wa kutali, poti wapafupi akanakondera. M'mamawa, anthu asanalawe kanthu, oganiziridwawo anawatulutsa m'mudzi kupita nawo kutchire atangomanga kansalu m'chiuno, kuti pasapezeke wobisa chithumwa. Mapondera anasinja khungwa mu kamtondo, nathira madzi, natungira m'chikho. Asanapereke, ankalankhula ndi mankhwalawo, kuwauza kuti ngati ndi uyu amugwire, ngati si iye atuluke. Munthu mwini sankamufunsa kanthu. Womwayo ankayendayenda pamalopo, abale ake atakhala poteropo, maso ali pakamwa pake. Akasanza, nthungululu, kumuthira ufa kumutu, ndipo womunenezayo ankalipira. Akapanda kusanza, miyendo inkalemera, maso n'kuchita chidima, kenaka kugwa. Mtembo wotero sunkalandira maliro a munthu. Pa milandu yocheperako mwavi ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa mwini mlandu.

Chimene chinkandizunguza ndili mnyamata n'chakuti anthu ambiri ankachita kuupempha okha. Wina akakutchula mfiti pamowa, iwe n'kumati tiyeni kumwavi. Kufotokoza kwapafupi n'kwakuti wosalakwa ankakhulupirira kuti mtengowo sunama, ndiye analibe choopa. Zimenezo n'zoona kwa ambiri. Koma ambuya ankati usiku woti mawa kuli mwavi, amayi awo sanagone. Chaka chimenecho anali atakangana ndi mkulu wawoyo pa nkhani ya dimba, ndipo tsiku lina mumtima anamufunira tsoka. Analotanso akudya nyama pamalo achilendo pakati pa anthu osawadziwa. Ndiye anakhala pakhomo usiku wonse akuuza amalume awo kuti, "Amalume, mwina ndine. Ndikagona ndimadziwa bwanji kumene ndimapita?" Atasanza m'mawa mwake, amene anasangalala koposa onse anali iwo eni. Anamva kuchokera m'chikho chimene sanathe kuchipeza pofufuza mumtima mwawo.

Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a kwa Kawaza ku Katete kuyambira mu 1946 n'kudzatulutsa buku lake mu 1965, anaona kuti Achewa ankaitenga mfiti ngati munthu wochita dala, wokhala ndi nyanga ndi mankhwala, wodziwa chimene akuchita. Pa ichi anatisiyanitsa ndi Azande a ku Sudan, amene Evans-Pritchard analemba za iwo mu 1937, omwe ankati ufiti ukhoza kukhala m'mimba mwa munthu n'kumagwira ntchito mwini wake osazindikira. Sindimutsutsa Marwick pa zimene anthu ankanena masana pokamba za mfiti ya khomo lina. Koma aliyense wokulira m'mudzi akudziwa chiphunzitso china chomwe chimanong'onedwa: kuti ufiti amadyetsa, kuti agogo atha kupatsa mdzukulu kanyama usiku mwana osadziwa, kuti wodzuka thupi lili lophwanyika mwina amulimitsa munda usiku wonse. Ukavomera kuti thupi lako likhoza kukalima kwa eni iwe uli m'tulo, watsegula kale khomo loti likhozanso kukachita zina. Pamwamba pa izo, Marwick yemweyo anapeza kuti pa masoka amene anawalemba, oposa theka anthu ankati ndi a ufiti, ndipo onenezana ambiri anali a bele limodzi. Ndiye kuti woganiziridwa nthawi zambiri anali munthu amene analidi ndi kakwinya mumtima pa womwalirayo, monga zimakhalira pakati pa abale olimbirana munda, ng'ombe ndi ufumu. Timati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Oganiziridwa aja ankapeza kuti ndi wawo womwe unali tsidya lina.

Tsono mtengowo unkayesa chiyani kwenikweni? Akatswiri a zomera amautcha Erythrophleum, ndipo khungwa lake lili ndi poizoni wogwira mtima, wogwira ntchito mofanana ndi mankhwala a digitalis amene madokotala amapereka pang'onopang'ono kwa odwala mtima. Akakhazikika m'thupi wochuluka, mtima umasokonezeka kagundidwe n'kuima. Khungwa lomwelo limanyansitsanso m'mimba, ndipo wosanza msanga amataya poizoniyo asanalowerere. Moyo ndi imfa zinkadalira kukula kwa khungwa, msinkhu wa mtengo, mphamvu za womwa, ndi dzanja la mapondera, amene sankalephera kumva m'mudzi kuti anthu atopa ndi yani. Pali maganizo enanso amene madokotala a ku Ulaya anawanena pa nyemba ya poizoni ya ku Calabar, ku Nigeria, yomwe inkagwira ntchito ngati yomweyi: kuti wodzidalira amamwa mwakamodzi, m'mimba n'kudzidzimuka n'kubweza, pamene wamantha amamwa modukizadukiza, poizoni n'kumalowa mwakachetechete. Ambuya sanawerengepo buku la dokotala, koma ankati amalume aja anawanong'oneza amayi awo kuti, "Umwe osapumira, usalawe." Ngati maganizo amenewa ali ndi choonadi ngakhale pang'ono, ndiye kuti mwavi unkasiya wouma mtima, amene anaphadi ndi poizoni koma sagwidwa manyazi, n'kutenga munthu wachikumbumtima chofewa, uja wokumbukira kuti tsiku lina anafunira mbale wake zoipa. Chida chomwe anachipanga chifukwa chokayikira zonena za munthu pa za iye mwini chinkabwereranso kukayesa zomwezo, zimene munthuyo akudziganizira.

Angoni, omwe anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu November 1835 pa tsiku limene dzuwa linadetsedwa, anaupeza mwavi kwa anthu amene anawagonjetsa ndipo anautenga. A Mpezeni atakhazikika m'mapiri ano cha m'ma 1870, midzi yawo ikuluikulu inali yodzaza ndi Achewa, Ansenga ndi ena ogwidwa kunkhondo, anthu amene mbuye sakanadziwa zimene akuganiza. Kwa Angoni a ku Nyasaland amishoni analemba za midzi yathunthu yomwetsedwa tsiku limodzi. Apa mwavi unali utasanduka chikwapu cha wolamulira.

Mu January 1898 asilikali a Angerezi anathyola Angoni a Mpezeni, Nsingo mwana wake anawomberedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Chaka chotsatira Fort Jameson inayamba kumangidwa, ndipo chaka chomwecho, 1899, amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anakhazikika pa Magwero. Madzimoyo inatsatira mu 1903, chaka chimenenso Abambo Oyera a Chikatolika anafika pa Kachebere, m'malire. Boma linaletsa mwavi, ndipo lamulo la 1914 la za ufiti linapanga kukhala mlandu kutchula munthu mfiti, kuombeza pofuna mfiti, ndi kumwetsa. Lamulo limenelo, litakonzedwa apa ndi apo, lidakalipo m'mabuku a Zambia.

Alendowa anabweretsa njira yawo yodziwira munthu, ndipo inali yotembenuza ya makolo. Ku Dutch, usanadye Mgonero unkayenera kudziyesa wekha, ndipo akulu a mpingo ankakufunsa ngati uli bwino ndi anzako. Kwa Akatolika unkagwada n'kuwerenga machimo ako kwa bambo mfumu, a m'maganizo omwe. Kukhoti kwa bwanamkubwa ankafuna kudziwa cholinga chako pamene unkatukula nkhwangwa. Onse atatu ankayambira pa chikhulupiriro chimodzi, choti munthu akayang'ana m'kati mwake moona mtima adzaona zimene zilimo. Chodabwitsa n'chakuti buku limene amishoniwo anabwera nalo silivomereza zimenezo kwenikweni. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu m'Chinyanja mu 1922, owerenga anapezamo Yeremiya akudandaula za kunyenga kwa mtima wa munthu, napezamonso Paulo akuuza Akorinto kuti kusadzipeza ndi mlandu sikumuyesa wolungama. Akulu a mpingo a m'badwo woyamba, omwe makolo awo anamwa mwavi, ndikhulupirira mavesi amenewo sanawavute kumva.

Kumudzi kuletsa mwavi kuja sanakulandire ngati chifundo. Marwick anamva madandaulo akuti Azungu ateteza mfiti, chifukwa tsopano wotchula mfiti ndiye amapita kundende, mfitiyo n'kutsala ikuwotha moto. Nthawi yomweyo dziko linali litapanikizika. Kampani ya North Charterland inali itatenga malo aakulu, minda ya fodya ya Azungu itazungulira Fort Jameson, anthu ataunjikidwa m'malo ochepa momwe nthaka inatopa msanga. Amuna anali ku Halale, ku Joni ndi kumigodi ya mkuwa chifukwa cha msonkho. Chuma cha dziko lonse lapansi chitagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ambiri anabwerera chimanjamanja kudzapeza abale akulimbirana kamunda komweko. Funso lakale lija, loti ndani mwa ife, linakula, koma chikho choliyankha panalibe.

Mpata umenewo unadzazidwa ndi Mchape. Unachokera ku Nyasaland, ukutchula dzina la Kamwende wa ku Mulanje, ndipo cha m'ma 1933 ndi 1934 unali utafalikira m'Northern Rhodesia. Audrey Richards anauona kwa Abemba mu 1934 naulemba chaka chotsatira. Ochapawo anali anyamata ovala zachizungu. Ankandandalitsa mudzi wonse, amuna pawokha akazi pawokha, aliyense n'kumadutsa kumbuyo kwa wochapa, amene ankamuyang'ana pa kagalasi kam'manja. Wogwidwa ankauzidwa kuti atulutse nyanga zake, ndipo zinkaunjikidwa pamphambano. Kenaka onse ankamwa mankhwala ofiirira, ndi lonjezo loti wobwerera ku ufiti adzafa. Richards atayang'anitsitsa milu ya nyangazo anapeza kuti zambiri zinali zithumwa wamba, zotetezera nyumba, munda kapena ulenje. Koma eni ake ankazipereka, ena akuvomera pamaso pa anthu.

Taganizirani za galasilo. Chinali chinthu cha m'sitolo ya Mmwenye, chopangidwira kuti munthu adzione yekha. Ochapa anachitembenuza: iwe ukudutsa kumbuyo, nkhope yako akuiona ndi wina, ndipo ndiye akuuze chimene uli. Mwavi unali wankhanza, komabe unkalowa m'thupi la mwini mlandu ndipo yankho linkaonekera aliyense. Galasi linkaonedwa ndi munthu mmodzi, wolandira ndalama.

Zinabweranso. Mu 1947 Achewa a kuno anakhamukira kwa Bwanali ku Nyasaland ndi kwa Mpulumutsi cha kudziko la Apwitikizi, kukatemeredwa mphini. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1960 ulendo unali wa kwa Chikanga ku Rumphi, kumene anthu ankachokera ngakhale ku Tanganyika, ambiri kukamva ngati iwo eni ali oyera. Mu 1988 Mark Auslander anaona wina wodzitcha Doctor Moses akuyenda m'midzi ya Angoni m'boma la Chipata, nayenso ndi galasi ndi mizere, anyamata akumuthandiza, ogwidwa ambiri ali nkhalamba. Ndipo chikho chenichenicho sichinafe: ku Chiawa, kumunsi kwa Zambezi, cha m'ma 1994 ndi 1995 pamene Edzi inkatha anthu, wosaka mfiti wotchedwa Chaka Zulu anamwetsa anthu mankhwala ake ndipo 16 anafa.

Mwana wanga wamkazi, amene anaphunzira za maganizo a anthu ku Lusaka, ndiye anandionetsa kuti kukayika kwa makolo athu kuli ndi anzake kutali. René Descartes mu 1637 anamanga nzeru zake zonse pa mfundo yoti chinthu chimodzi chosakayikitsa ndi kuganiza kwa iye mwini. David Hume wa ku Scotland mu 1739 anayesa kuyang'ana m'katimo nanena kuti akupezamo kutentha, kuzizira, chikondi, chidani, ululu, koma mwini wake wa zonsezo sakumupeza. Mu 1977 Richard Nisbett ndi Timothy Wilson ku America anayala masokosi aakazi mapeya 4 ofanana ndendende, n'kupempha anthu kuti asankhe abwino koposa. Ambiri anasankha a kudzanja lamanja, kumapeto kwa mzere. Atafunsidwa chifukwa, anatchula ulusi, kufewa, kalukidwe, ndipo atauzidwa kuti mwina ndi malo pamene sokosiyo inali, anakana. Sankanama. Ankapanga chifukwa pomwepo n'kuchimva ngati chochokera pansi pa mtima.

Kafukufuku amene anandikhudza kwambiri ndi wa Saul Kassin ndi Katherine Kiechel wa mu 1996. Ophunzira anawaika pa kompyuta n'kuwachenjeza kuti asakhudze batani lina lake. Kompyutayo inazima, monga anaikonzera, ndipo aliyense ananenezedwa kuti walikhudza, ngakhale panalibe amene analikhudza. Kwa ena panali mboni yonama yoti inaona. Pa 100 alionse, 69 anasaina kuti alakwa, 28 anafika pokhulupiriradi kuti anachita, ndipo ena ochepa anayamba kufotokoza mmene chala chinaterereka. Awa anali achinyamata ophunzira, okhuta, osaopsezedwa ndi moto, pa nkhani ya batani chabe.

Pamenepa ndiye ndimasiyana ndi onse awiri, makolo ndi khoti limene ndinalitumikira. Makolo analondola pokana kuti pakamwa pa munthu ndi khomo la mtima wake. Analakwa poganiza kuti kunja kuli chinthu, khungwa kaya galasi, chomwe chimaona m'katimo bwino kuposa mwini wake. Ndipo sanaone kuti kusadzidziwa kumene ankakuopako kumagwira mbali zonse ziwiri: munthu amene sangathe kutsimikiza kuti ndi woyera ndi yemweyonso amene mungamuphunzitse kuti ndi mfiti, iye n'kuvomera. Khoti nalo limakonda kwambiri munthu wovomera. Akangoti ndinachita, kalaliki amapuma, cholembera chimathamanga.

Mlandu umene ndimaukumbukira pa nkhaniyi unafika kwa ife ngati wa kutukwana. Mayi wina wachikulire, wamasiye, anabwera ndi mlongo wake kudzasumira mwana wa mchemwali wake, amene anamutchula mfiti pamaliro a khanda. Mlanduwo unali wosavuta, poti mboni zinalipo ndipo mnyamatayo sankakana. Koma pakati pa kusuma ndi tsiku la mlandu panadutsa milungu ingapo, ndipo m'milungu imeneyo mudzi unali utasonkha ndalama n'kuitana sing'anga. Anakumba pakhomo pa mayiyo n'kutulutsa kabotolo kokulungidwa ndi mikanda. Anamukhazika pabwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, wopanda madzi, adzukulu ake omwe akumuuza kuti amawatenga usiku.

Pa tsiku la mlandu anakhala pabenchi atafunda chitenje kumutu, manja ali pamaondo. Woweruza atamufunsa ngati akupitiriza dandaulo lake, anayankha motsitsa kuti, "Bwana, ndalekeza. Anawa sanganame onse. Kapena ndimapitadi." Mlongo wake anaimirira nati, "Achemwali, mwaiwala kuti botolo lija si lanu?" Iye anati sakukumbukira kuti analikwirira, koma zaka zachuluka, mwina anapatsidwa ndi amayi awo kalekale. Kenaka anayamba kufotokoza za usiku umene khandalo linadwala: kuti anadzuka mapazi ali ndi fumbi, kuti chitseko chinali chosatseka bwino, kuti analota ali pamwamba pa mtengo wa mango. Zonsezi ankazinena mwadongosolo, ngati munthu amene wazisinkhasinkha masiku ambiri n'kuzilumikiza yekha. Ine ndinalemba mawu ake onse monga anawanenera, poti ndiyo inali ntchito yanga.

Woweruza anali munthu wanzeru. Anamuuza kuti khoti silinamufunse za maloto, ndipo kuti m'malamulo kudzinenera za ufiti nakonso kukhoza kumuika munthu m'mavuto, choncho akhale chete. Mnyamata uja anamudzudzula kolimba, nyakwawa ya mudziwo anaichenjeza za sing'angayo, koma poti wodandaula anali atabweza dandaulo lake, chipukutamisozi panalibe. Mlongo wake sanafune kuti abwerere kumudzi kuja. Anamukweza pa njinga ya hayala mpaka pamsewu, ndipo sabata yomweyo anamuperekeza kudzera pa Mwami kupita kwa abale awo a ku Mchinji. Munda wake ndi mitengo ya mango ija anagawana ana a mchemwali wake mvula isanagwe.